Maselo a T pa dengue: amateteza, kapena ndiwo amachititsa mitsempha kudontha?

Kiliniko wa Kumalire

Akuluakulu, pali nkhani imene mabuku akuyankha mosiyana, ndiye ndati tiunikirane. Wodwala dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu wa Aedes, safika pangozi thupi likadali moto. Amafika pangozi thupi likayamba kuzizira, pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, pomwe kachilombo kayamba kale kuchepa m'magazi. Apo ndi pamene madzi a m'magazi amayamba kudontha m'mitsempha, haematocrit (gawo la magazi limene ndi maselo ofiira) nkukwera, ma platelet (tizidutswa tothandiza magazi kuundana) nkugwa. Mabuku akale amati amene amachititsa zimenezi ndi maselo a T (gulu la maselo oyera a chitetezo cha m'thupi) omwe alusa mopyola muyezo. Zolemba za zaka zaposachedwa zikuti maselo omwewo ndiwo amapulumutsa munthu, ndipo katemera amene sawadzutsa ndi woperewera. Tigwire ziti?

Matendawa sali kutali nafe. Anavuta ku Pemba ndi ku Nampula ku Mozambique mu 2014, ku Dar es Salaam mu 2014 ndi 2019, ndipo mabasi ndi matiraki ochokera kumeneko amalowa kuno tsiku ndi tsiku.

Mayi Mphunzitsi

Achimwene, tiyambire pa kachilomboko, chifukwa mkanganowu sumveka ngati sitikudziwa ziwalo zake.

Dengue ili ndi mitundu inayi, DENV-1 mpaka DENV-4. Kachilombo kalikonse kamanyamula chingwe chimodzi cha RNA cha zilembo pafupifupi 11,000. Kakalowa mu selo, chingwecho chimawerengedwa nkutulutsa puloteni imodzi yaitali, yomwe kenako imadulidwa zidutswa khumi. Zitatu ndi zomangira thupi la kachilombo: C, prM ndi E. Zisanu ndi ziwiri zotsalazo, NS1, NS2A, NS2B, NS3, NS4A, NS4B ndi NS5, zimagwira ntchito mkati mwa selo logwidwa, kuchulukitsa kachilombo. NS3 mothandizana ndi NS2B ndiyo imadula puloteni yaitali ija m'malo ambiri, NS5 ndiyo imakopera RNA.

Ma antibody, mapuloteni a chitetezo amene maselo a B amapanga kuti amatirire kachilombo, amaona zakunja: E, prM, komanso NS1 chifukwa iyo imatayidwa m'magazi. Selo la T siliona kachilombo koyandama m'magazi ngakhale pang'ono. Limaona tizidutswa ta mapuloteni timene selo lina laika pamwamba pake, pa tizigwiriro totchedwa HLA. Maselo a T a gulu la CD8 amazindikira tizidutswa tatifupi, ta ma amino acid 8 mpaka 11, ndipo akatizindikira amapha selo logwidwalo ndi perforin ndi granzyme, nkutulutsanso interferon-gamma, puloteni yodzutsa maselo ena a chitetezo. Maselo a CD4, omwe tonse tinawadziwira pa HIV, amazindikira tizidutswa totalikirapo. Ambiri mwa iwo amathandiza maselo a B m'anabele kuti apange ma antibody akuthwa, koma pa dengue pali gulu lina la CD4 limene limapha lokha ngati CD8, ndipo limachuluka mwa anthu amene adwalapo kangapo.

Tsono gwirani apa. Ma CD8 a dengue amalunjika kwambiri pa NS3, NS4B ndi NS5. Ma CD4 amalunjika pa C, NS3, NS5 ndi zina. Ndipo NS3 ndi NS5 zimafanana kwambiri pakati pa mitundu inayi ija kuposa mmene E imafanirana. Choncho munthu amene anadwala DENV-1 amatsala ndi maselo a T amene angazindikire DENV-2, pomwe ma antibody ake, pakatha miyezi kapena chaka ndi chinachake, sathanso kuigonjetsa DENV-2 yo. Funso la a Kiliniko lagona pamenepo: kuzindikira kumeneko kumamuthandiza munthu kapena kumamupweteka?

Dotolo wa Ana

Ndiyikepo mbali yoti kumapweteka, chifukwa amene anaganiza zimenezi sanali kulota.

Mu 1977 DENV-1 inafalikira ku Cuba, anthu ambirimbiri anadwala koma mosaopsa. Mu 1981 kunalowa DENV-2. Odwala anakwana 344,203, anthu 158 anamwalira, 101 mwa iwo anali ana. Mu 1997 DENV-2 inabweranso ku Santiago de Cuba, ndipo amene anadwala modetsa nkhawa anali akuluakulu omwe anagwidwapo ndi DENV-1 zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo. Ndiye palibe wotsutsa kuti kudwala kachiwiri ndi mtundu wina ndiko koopsa. Chimene chimakumbukira kudwala koyamba ndi chitetezo cha m'thupi, ndiye mlandu uli pa icho. Koma mbali yake iti?

Scott Halstead analoza ma antibody kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ma antibody akale amamatirira kachilombo ka mtundu watsopano koma osakalepheretsa, kenako maselo oyera otchedwa ma monocyte ndi ma macrophage amakameza kudzera pa tizigwiriro tawo ta ma antibody totchedwa Fc receptor, kachilombo nkupeza khomo lotseguka lolowera mu selo limene kamakonda. Ndi zimene timati ADE, kutanthauza kuti ma antibody akuthandiza kachilombo kulowa m'maselo. Mu 2003 gulu la Juthathip Mongkolsapaya ndi Gavin Screaton, poyeza ana a ku Thailand, linaloza maselo a T. Linapeza kuti pa kudwala kachiwiri, ma CD8 ambiri amene anadzuka ankagwira mwamphamvu tizidutswa ta mtundu wakale, koma mofooka ta mtundu umene ukumudwalitsa mwanayo, ndipo ambiri anali akufa. Maganizo anali oti maselo oterewa amachedwa kupha, koma amathira ma cytokine (mapuloteni onyamula uthenga pakati pa maselo) ngati TNF ochuluka, ndipo ma cytokine amenewo ndiwo amalekanitsa maselo a m'khoma la mitsempha. Zinkamveka, poti kudontha kumayamba kachilombo katachepa, nthawi imene chitetezo chafika pachimake.

Komabe pali gulu limodzi la odwala limene maganizo amenewa salikwanira: makanda. Mwana wa miyezi 6 mpaka 9 wobadwa kwa mayi amene anadwalapo dengue amatha kudwala moopsa ulendo wake woyamba. Mwanayo alibe selo la T ngakhale limodzi lokumbukira dengue. Chimene ali nacho ndi ma antibody a amayi ake, omwe pa msinkhu umenewo atsika kufika pa mlingo wosateteza koma wokwanira kuthandiza kachilombo. Ndiye kudontha kwa mitsempha kungachitike popanda maselo a T okumbukira.

Wa ku Labu

Adokotala, pa makanda mwamenya penipeni. Ndiwonjezere zina zimene zinatembenuza maganizo a ofufuza ambiri.

Choyamba ndi nthawi. Ku Ho Chi Minh City anatenga magazi a ana odwala tsiku ndi tsiku, zotsatira nkutuluka mu 2010. Ma CD8 ozindikira NS3 sankaoneka m'magazi mpaka haematocrit itayamba kale kukwera. Chobwera pambuyo nchovuta kuchinena kuti ndicho chayambitsa.

Chachiwiri ndi HLA. Anthu timasiyana HLA, ndipo HLA iliyonse imagwira tizidutswa take. Mu 2013 Daniela Weiskopf ndi Alessandro Sette a ku La Jolla anayeza magazi a anthu opereka magazi ku Sri Lanka. Anapeza kuti mitundu ya HLA imene inkadziwika kale kuti eni ake amadwala kwambiri, monga A*24, ndi imene inkadzutsa ma CD8 mofooka. Mitundu ngati B*35:01 ndi B*07:02 inkadzutsa ma CD8 ambiri, otulutsa ma cytokine angapo nthawi imodzi. Maselo a T akanakhala ndiwo owononga, zikanatuluka mosemphana. Anapezanso kuti nzoona, pa kudwala kachiwiri maselo amapendekera ku tizidutswa tofanana pakati pa mitundu, koma kupendekerako sikunawafooketse.

Chachitatu ndi mbewa za mu labu. Gulu la Sujan Shresta linaonetsa kuti mukachotsa ma CD8 mu mbewa, kachilombo kamachuluka kwambiri m'ziwalo, ndipo mbewa zimene zili ndi ma CD8 okumbukira zimapirira ngakhale zili ndi ma antibody oyambitsa ADE. Mbewa zimenezi zimakhala zolumazidwa mbali ya interferon kuti dengue izigwire, ndiye si munthu ndendende, koma zikuloza mbali yomweyo. Ku Cambodia nako, mu 2017, ana amene anali ndi kachilombo m'magazi koma osadwala anapezeka kuti maselo awo a T anali odzuka kuposa a ana amene anagonekedwa.

Nanga chobowola mitsempha nchiyani? Mu 2015 magulu awiri, la Eva Harris ku Berkeley ndi la Paul Young ku Queensland, anaonetsa kuti NS1 payokha, popanda kachilombo kamoyo, imachititsa mitsempha kudontha. Imakokolola kansalu koterera ka mkati mwa mtsempha kotchedwa glycocalyx, komanso imaputa maselo oyera kuti atulutse ma cytokine. Ma mast cell, gulu lina la maselo a chitetezo, nawo ali ndi mbali yawo.

Mayi Mphunzitsi

Zonsezo ndikuvomereza, koma pa kafukufuku wa ku Vietnam tisathamange. Magazi a pamkono si thupi lonse. Laura Rivino ku Singapore anaonetsa mu 2015 kuti maselo a T a dengue amanyamula chizindikiro cha CLA chowalondolera ku khungu, ndipo amapezekadi m'khungu la odwala. Mpomveka, poti udzudzu wa Aedes umalavulira kachilombo m'khungu, ndipo maselo oyamba kugwidwa ndi a Langerhans ndi ma dendritic cell a momwemo. Kusapezeka kwa maselo m'chubu pa tsiku lachitatu sikutanthauza kuti sali pa ntchito m'khungu, m'chiwindi kapena mu kapamba.

Mmene ndimaionera ine: umboni wochuluka ukuti maselo a T amateteza, makamaka pochepetsa kukula kwa matenda. Saletsa kachilombo kulowa, chifukwa amayamba ntchito selo litagwidwa kale. Koma mwa munthu amene ADE yachulukitsa kachilombo, maselo ogwidwa amakhala ochuluka, NS1 yochuluka, ndipo ma cytokine a maselo a T amawonjezera pa moto umene unayatsidwa ndi zina. Umboni wina wochokera m'wodi: ku Vietnam anayesa prednisolone, steroid yofooketsa chitetezo cha m'thupi, pa odwala 225 m'masiku oyambirira a kutentha thupi, ndipo sanachepetse chiwerengero cha ofika pa shock (magazi kulephera kufika mokwanira m'ziwalo).

Wa Katemera

Nkhaniyi imaoneka bwino tikaika akatemera atatu pamodzi, chifukwa onse ndi a kachilombo kamoyo kofooketsedwa, onse ali ndi prM ndi E za mitundu inayi, koma amasiyana mkati.

Dengvaxia wa Sanofi Pasteur anamangidwa pa kachilombo ka katemera wa yellow fever, 17D. Anachotsa prM ndi E za yellow fever nkuikapo za dengue. Kunena mwachidule, bodi ndi ya dengue koma injini ndi ya yellow fever. C ndi ma NS onse asanu ndi awiri si a dengue. Wobayidwa amapanga ma antibody a dengue, koma ma CD8 ake ambiri amaphunzira NS3 ndi NS5 za yellow fever. Amabayidwa katatu, mwezi 0, 6 ndi 12. Mexico inamuvomereza mu Disembala 2015, dziko la Philippines nkuyamba kubaya ana asukulu mu Epulo 2016, ndipo anabayidwa oposa 800,000. Pa 29 Novembala 2017 kampaniyo inalengeza kuti kwa mwana amene sanadwalepo dengue, katemerayu amakweza chiopsezo chodwala kwambiri akadzagwidwa. Ziwerengero zotuluka mu 2018 zinaonetsa kuti mwa ana otere a zaka 2 mpaka 16, chiopsezo chogonekedwa chinali chowirikiza 1.75 poyerekeza ndi osabayidwa. Kwa amene anadwalapo kale, katemerayu ankateteza bwino ndithu.

Taonani mmene anadziwira. Pa kafukufuku woyamba, ana ochepa okha ndiwo anatengedwa magazi asanabayidwe. Ndiye anatenga magazi a mwezi wa 13 nkufufuza ma antibody olimbana ndi NS1 ya dengue. Poti katemerayu alibe NS1 ya dengue, mwana amene anali nawo ma antibody amenewo ndiye kuti anakumanapo ndi dengue yeniyeni. Mu 2024 kunamveka kuti kampaniyo ikusiya kupanga katemerayu chifukwa ogula ndi ochepa.

Qdenga wa Takeda, uja ankatchedwa TAK-003, anamangidwa pa DENV-2 yofooketsedwa yotchedwa PDK-53, imene ku Mahidol University anaidutsitsa maulendo 53 m'maselo a impso ya galu. Kufooka kwake kwagona pa malo atatu: kumayambiriro kwa chingwe cha RNA, pa NS1 malo a 53, ndi pa NS3 malo a 250. Mitundu itatu inayo anaipanga poika prM ndi E zake pa msana womwewo wa DENV-2. Ndiye ma NS alipo, koma onse ndi a DENV-2. Amabayidwa kawiri, motalikirana miyezi itatu. Anayesedwa pa ana pafupifupi 20,000 a zaka 4 mpaka 16 m'mayiko asanu ndi atatu a ku Asia ndi Latin America. Chaka choyamba anachepetsa kudwala ndi 80.2 peresenti. Patatha zaka zinayi ndi theka, kudwala kunachepa ndi 61.2 peresenti, kugonekedwa ndi 84.1 peresenti. WHO imalimbikitsa kuti aperekedwe kwa ana a zaka 6 mpaka 16 kumadera kumene dengue imafala kwambiri, ndipo Brazil inayamba kubaya m'zipatala za boma mu Febuluwale 2024.

Wachitatu ndi TV003 wa ku NIH (bungwe la boma la America lofufuza zaumoyo), amene Instituto Butantan ya ku São Paulo ikupanga. Uyu anafooketsedwa podula zilembo 30 kumapeto kwa chingwe cha RNA. DENV-1, DENV-3 ndi DENV-4 zili zathunthu ndi ma NS ake, DENV-2 yokha ndiyo inaikidwa pa msana wa DENV-4. Ma CD8 amene amadzuka amalunjika pa NS3 ndi NS5, mofanana ndi a munthu amene wadwalapo kangapo. Amabayidwa kamodzi. Mu 2016 anthu 21 obayidwa anapatsidwa dala DENV-2 yofooka, ndipo palibe amene kachilombo kanapezeka m'magazi mwake, pomwe 20 osabayidwa onse kanapezeka. Ku Brazil, pa anthu 16,235 a zaka 2 mpaka 59, zaka ziwiri zoyamba anachepetsa kudwala ndi 79.6 peresenti: 89.2 mwa odwalapo kale, 73.6 mwa osadwalapo. DENV-3 ndi DENV-4 sizinafalikire nthawi imeneyo, ndiye ziwerengerozi ndi za DENV-1 ndi DENV-2 zokha.

Kwa ine mzere ukuoneka: ma NS a dengue akachuluka mu katemera, ana osadwalapo amatetezeka bwinopo.

Dotolo wa Ana

Bambo, mzerewo ndikuuona, koma musaukoke kwambiri. Vuto la Dengvaxia lingafotokozeke ndi ma antibody okha. Mukabaya mitundu inayi yamoyo pamodzi, siichulukana mofanana. Mu Dengvaxia, DENV-4 ndiyo inkachulukana kwambiri, ndipo ma antibody enieni a mtundu umodzi anali a DENV-4. A mitundu inayo anali ongokhudza pamwamba, otha msanga. Mwana wosadwalapo ankasanduka ngati wadwala kamodzi, ndipo dengue yake yoyamba inkabwera ngati yachiwiri. Kafukufuku wa ana a ku Managua ku Nicaragua, wotuluka mu 2017, anaonetsa kuti chiopsezo chachikulu chili mwa amene ma antibody awo ali pa mlingo wapakati, 1:21 mpaka 1:80, kuposa amene alibiretu kapena amene ali nawo ambiri.

Ndipo Qdenga akutiphunzitsa kudzichepetsa. Ali ndi ma NS onse a DENV-2, maselo a T amene amadzutsa amazindikiranso mitundu inayo mu labu, koma mwa ana osadwalapo sanaonetse chitetezo pa DENV-3, ngakhale cha kugonekedwa kumene. Pa DENV-4 odwala anali ochepa moti sizinatheke kuweruza. Maselo a T ozindikira mitundu yonse akanakhala okwanira paokha, DENV-3 ikanagwa nayo.

Wa Katemera

Pamenepo sinditsutsa, Adokotala. Zonse ziwiri zinachitikira limodzi mu Dengvaxia: ma antibody opendekera mbali imodzi, popanda ma CD8 a dengue oti atchinge ADE ikayamba. Palibe kafukufuku wa anthu amene analekanitsa ziwirizi. Nchifukwa chake mpaka lero palibe mlingo wa maselo a T umene bungwe lovomereza mankhwala lingalandire ngati chizindikiro choti munthu watetezeka. Ngakhale PRNT, muyezo wakale wa ma antibody, inanamiza anthu: pa kafukufuku wa Dengvaxia ku Ratchaburi ku Thailand, ana anali ndi ma antibody a DENV-2 ooneka bwino pa PRNT, koma DENV-2 inawadwalitsabe.

Kiliniko wa Kumalire

Zikomo nonse. A ku Labu, maselo amenewa amayezedwa bwanji kwenikweni? Labu yofufuza za HIV kapena TB ingathe, kapena pamafunika zida zina?

Wa ku Labu

Ingathe, achimwene, zida nzomwezo. Chosiyana ndi tizidutswa ta mapuloteni timene mukuputira maselo. Njira yosavuta ndi ELISpot ya interferon-gamma, imene imawerenga maselo otulutsa interferon-gamma akaputidwa.

Magazi atengedwe m'machubu a heparin, osati a EDTA, chifukwa EDTA imamanga calcium amene maselo amafuna kuti adzuke. Asalowe mu fuliji. Kuzizira komanso kuchedwa kumapangitsa ma granulocyte kusakanikirana ndi maselo amene mukufuna, ndipo amafooketsa maselo a T. Yesetsani kuyamba pasanathe maola 8. Sungunulani magazi ndi PBS (madzi a mchere a mu labu) muyezo wofanana, athireni pang'onopang'ono pamwamba pa Ficoll (madzi olemera olekanitsa maselo) osasakaniza, zungulitsani pa 400 g kwa mphindi 30, buleki ya makina itazimitsidwa. Mukaiwala buleki, kamzere koyera ka maselo ofunikawo, kamene kamapangika pamwamba pa Ficoll, kamabalalika. Yamwani kamzereko, tsukani kawiri, werengani ndi trypan blue. Mwa munthu wabwinobwino mililita imodzi ya magazi imapereka maselo pafupifupi 1 miliyoni. Mwa wodwala dengue yembekezerani ochepa, chifukwa maselo oyera amatsika.

Ngati mukusunga, ikani mu seramu 90 peresenti ndi DMSO (mankhwala oteteza maselo akamaundana) 10 peresenti, azizire digiri imodzi pa mphindi mpaka -80, mawa lake apite mu nitrogen wamadzi. Kuwasiya pa -80 miyezi yambiri, makamaka kumene magetsi amathimathima, ndiko kumapha kafukufuku wambiri. Posungunula chitani msanga pa madigiri 37, ndipo amoyo akachepera 80 peresenti musakhulupirire zotsatira.

Mbale ya ELISpot ili ndi timaenje 96, pansi pake pali kansalu ka PVDF kopakidwa antibody yogwira interferon-gamma. Kadzenje kalikonse mumaika maselo 200,000 ndi tizidutswa ta ma amino acid 15 tolowerana ndi 11, pafupifupi maikulogalamu imodzi pa mililita pa kachidutswa kalikonse. Gawani tizidutswato potsata puloteni: NS3 payokha, NS5 payokha, C payokha, ndipo mtundu uliwonse paokha. Mukasakaniza zonse simudziwa chimene chadzutsa maselo. Payenera kukhala timaenje ta DMSO yekha, topanda tizidutswa, ndi tina ta PHA, mankhwala odzutsa maselo a T onse, ndipo chilichonse chibwerezedwe kawiri kapena katatu. DMSO asapitirire 0.5 peresenti. Mbale ikhale maola 18 mpaka 20 pa madigiri 37 ndi carbon dioxide 5 peresenti, osaigwedeza, chifukwa maselo akasuntha madontho amatuluka ndi michira, makina nkuwerenga kawiri. Dontho limodzi ndi selo limodzi. Mumachotsa madontho a timaenje ta DMSO, nkulemba otsalawo pa maselo 1 miliyoni. Malire oti apa zadzuka alembedwe musanaone mbale.

Zimene zimasokoneza kawirikawiri: seramu yosayesedwa imene imadzutsa maselo payokha, malungo kapena matenda ena amene akweza madontho ngakhale mu timaenje topanda kanthu, ndi kuyeza wodwala ali pakati pa matenda. Kafukufuku wa ku India wa 2016 anapeza kuti pa nthawiyo ma CD8 okhala ndi CD38 ndi HLA-DR (zizindikiro zoti selo ladzuka) amachuluka zedi, koma ochepa okha ndiwo amatulutsa interferon-gamma akaputidwa. Mbale yopanda madontho pa tsiku lachisanu sikutanthauza kuti maselo kulibe. ELISpot siuzanso ngati selo ndi CD4 kapena CD8. Pamenepo pamafunika flow cytometry, njira yoona zizindikiro za selo lililonse palokha: maola 6 ndi brefeldin A nkuyang'ana ma cytokine mkati mwa selo ndi CD107a, kapena maola 24 nkuyang'ana OX40 ndi CD137 pa CD4, CD69 ndi CD137 pa CD8.

Mayi Mphunzitsi

Ndiwonjezere ziwiri zokhudza kuno kwathu. Tizidutswa tosankhidwa kale timene malabu ambiri amagawana tinachokera makamaka pa magazi a anthu a ku Sri Lanka ndi Nicaragua. Kummwera kwa Africa kuli mitundu ya HLA yofala monga A*30, B*42:01, B*58:02 ndi B*15:03, imene kumeneko ndi yosowa. Mukagwiritsa ntchito tizidutswa tosankhira anthu ena, mutha kunena kuti Mmalawi alibe maselo a T a dengue pomwe simunamuonetse kachidutswa kamene HLA yake imagwira. Yambani ndi tizidutswa tolowerana ta puloteni yonse, ngakhale ndi todula.

Chachiwiri, funsani kadi yachikasu. Amene anabayidwa katemera wa yellow fever chifukwa cha ulendo, kapena anakumanapo ndi Zika kapena West Nile, angaonetse ma antibody a IgG okhudza dengue, ndiponso maselo a T ochepa ozindikira mbali zofanana za NS3 ndi NS5.

Pa HIV, akatemera atatu onsewa ndi amoyo. Malangizo a Qdenga amaletsa kubaya munthu wa chitetezo chofooka, kuphatikizapo wa HIV amene akudwala kapena amene chitetezo chake chatsika, komanso mayi woyembekezera ndi woyamwitsa. Katemera wosakhala wamoyo, wonyamula E yokonzedwa bwino pamodzi ndi zidutswa za NS3 ndi NS5, ndiye angafikire anthu amenewa, ndipo ndi mbali imene ofufuza za mRNA akuyesa.

Dotolo wa Ana

A Kiliniko, pa bedi la wodwala mkanganowu ukusintha zochepa, koma zofunika. Musapereke ma steroid poganiza kuti mukuziziritsa maselo a T. Wotentha thupi amene malungo sanapezeke, wochokera ku Dar es Salaam kapena kugombe la Mozambique, mutu ukuwawa kuseri kwa maso, mafupa akuphwanya, ayezedwe NS1 m'masiku asanu oyamba, ma antibody a IgM kuyambira tsiku lachisanu. Pa kudwala kachiwiri NS1 imatha kusaoneka chifukwa ma antibody akale aimanga, ndiye kusapezeka kwake kusakugonetseni tulo, poti ameneyo ndiye ali pangozi. Panado yekha. Asipirini, bulufeni ndi diclofenac ayi, amawonjezera kutaya magazi.

Thupi likamazizira yang'anani kupweteka kwa m'mimba, kusanza kosalekeza, magazi m'nkhama kapena kamfuno, kufooka kapena kusakhazikika, chiwindi chotupa kupitirira masentimita awiri, ndi haematocrit yokwera pomwe ma platelet akugwa. Kusiyana kwa manambala awiri a BP kukafika 20 kapena kutsikirapo, shock yayamba ngakhale mwana akuyankhula. Kwa wa zizindikiro zochenjeza koma wosafika pa shock, malangizo a WHO a 2009 amati Ringer's lactate kapena normal saline, mamililita 5 mpaka 7 pa kilogalamu pa ola kwa ola limodzi kapena awiri, kenako 3 mpaka 5 kwa maola awiri mpaka anayi, kenako 2 mpaka 3, mukuyeza haematocrit ndi mkodzo. Kudontha kumatenga maola 24 mpaka 48 basi. Kukasiya, madzi aja amabwerera m'mitsempha okha, ndipo dripi yosachotsedwa imadzaza mapapo. Kuthira ma platelet kwa wosataya magazi chifukwa cha nambala yokha sikunaonetse phindu pa kafukufuku wa ku Singapore ndi Malaysia wa 2017. Wodwala agone m'masikito ngakhale masana, chifukwa Aedes imaluma masana, ndipo ikamuluma imayamba kupatsira ena pakatha masiku 8 mpaka 12.

Kiliniko wa Kumalire

Zamveka. Funso lomaliza kwa a ku Labu: wodwala wotsimikizika atapezeka, magazi a kafukufuku wa maselo a T atengedwe liti?

Wa ku Labu

Katatu, chilolezo cha wodwala ndi cha komiti yoona za kafukufuku chitapezeka. Koyamba tsiku lofika, pamodzi ndi seramu ya PCR kuti mudziwe mtundu wa kachilombo, chifukwa popanda kudziwa mtundu simungathe kusiyanitsa maselo atsopano ndi okumbukira zakale. Kachiwiri pakatha masabata awiri kapena atatu, pomwe maselo abwerera m'magazi ndipo akuyankha bwino pa ELISpot. Kachitatu pakatha miyezi 6, kuti muone amene atsala ngati okumbukira. Lembani tsiku limene thupi linayamba kutentha ndi limene linazizira, osati tsiku logonekedwa lokha, ndipo machubu atatuwo asungunulidwe tsiku limodzi nkuikidwa pa mbale imodzi.